Malungo aakulu ndi impso zofooka mwa mwana wa zaka 2: chifukwa chake tinakweza artesunate n'kuimitsa gentamicin

Lipotili ndi la mtsikana wa zaka 2 ndi miyezi 5 amene tinamugoneka m'wodi ya ana kuno ku Mulanje m'mwezi wa February, mvula ili pakati. Anabwera ndi malungo aakulu, chibayo ndi kutsegula m'mimba, ndipo pofika m'mawa wa tsiku lachiwiri zinaonekeratu kuti impso zake zafooka kwambiri. Pa tchati chake panali mankhwala awiri amene tinawasintha mosemphana. Mlingo wa artesunate, jakisoni wa malungo, tinaukweza; gentamicin, jakisoni wopha mabakiteriya, tinamuimitsa. Sikelo inali yomweyo, msinkhu womwewo, koma thupi lake linkachotsa mankhwala oyambawo mofulumira kuposa la munthu wamkulu pamene achiwiriwo linkalephera kuwachotsa. Ndikulembera makamaka anzanga a kiliniko, anamwino a m'wodi za ana ndi ophunzira amene amabwera kudzagwira nafe ntchito. Dzina la mwana ndi la mudzi wake sindinalembe.

Mbiri ya matenda

Banjali limakhala cha ku Muloza. Mayi ake amathyola tiyi pa esiteti, ndipo popeza nthawi ya mvula ndiyo ya masamba ambiri, mwanayo ankaswera ndi agogo ake aakazi. Thupi linayamba kutentha masiku 4 asanabwere kwa ife. Mawa lake anayamba kusanza ndi kutsegula m'mimba kanayi kapena kasanu patsiku, chimbudzi chamadzi chopanda magazi. Agogo anagula Panado ndi Brufen pagolosale. Brufen anali wa 200 mg, ndipo ankamubenthula pakati n'kumwetsa mwana katatu patsiku kwa masiku atatu.

Agogowo sanapyole mlingo ayi. Theka la piritsi ndi 100 mg, ndipo kwa mwana wa makilogalamu 10 zimenezo ndi 10 mg pa kilogalamu, mlingo umene ifenso timalemba. Chimene chinavuta ndi thupi limene mankhwalawo analowamo. Mwana akatha madzi m'thupi, impso zimadalira zinthu zotchedwa prostaglandin kuti mitsempha yolowetsa magazi m'impsomo isatsekeke, ndipo ibuprofen, amene ndi Brufen yemweyo, amatsitsa kutentha kwa thupi poletsa kupangidwa kwa zinthu zomwezo. Kwa mwana amene akumwa bwino nthawi zambiri palibe chimene chimachitika. Kwa amene wakhala akusanza masiku atatu, magazi opita ku impso amachepa.

Tsiku lachinayi masana mwanayo anakomoka n'kumaphupha manja ndi miyendo, ndipo anamutengera pa kabaza kuchipatala chaching'ono cha kufupi ndi kwawo. Kumeneko anamuyeza malungo pachala n'kuwapeza. Kalata yomutumizira kwa ife inanena kuti 3 koloko masana anamubaya artesunate 24 mg pantchafu, benzylpenicillin mayunitsi 500,000 ndi gentamicin 75 mg, powerengera sikelo ya makilogalamu 10. Anafika kwa ife pa ambulansi cha m'ma 7:30 madzulo. Katemera analandira yense, sanagonekedwepo m'chipatala, ndipo m'buku lake la kusikelo mzere unkakwera bwino.

Zimene tinapeza ndi usiku woyamba

Sikelo yathu inaonetsa makilogalamu 10.2, kutalika masentimita 85, kuzungulira mkono masentimita 13.1, mapazi osatupa. Thupi linali pa madigiri 39.1, mtima ukugunda ka 164 pa mphindi, akupuma ka 48, kupuma kwake kozama. Pa mulingo wa Blantyre woyezera chikomokere, umene Malcolm Molyneux, Terrie Taylor ndi anzawo anausindikiza mu 1989 kuchokera pa ana a ku Queens, anapeza 3 pa 5. Khosi silinali louma. Maso anali olowa, khungu la pamimba tikalitsina linkachedwa kubwerera, zikhatho zili mbuu. Kumunsi kwa phapo la kumanja kunkamveka kuthetheka. Shuga anali 3.8 mmol/L, Hb (mlingo wa magazi) 5.6 g/dL, tizilombo ta malungo tambiri pagalasi, HIV alibe.

Ndinafunsa mayiwo kuti, "Amayi, mwanayu wakodza liti komaliza?"

Anayang'ana agogo, ndipo agogowo ndiwo anayankha. "M'mawa, adokotala. Pang'ono pokha. Unali ngati tiyi wopanda mkaka."

Yankho limenelo tinalilemba pamwamba pa tchati, chifukwa labu yathu siyeza usiku creatinine, chinthu chimene chimakwera m'magazi impso zikafooka, ndipo kufikira m'mawa mawu a agogowo ndiwo anali chiyeso chathu chokha cha impso. Tinamuika katheta kuti mkodzo tiziuwerenga ndi sirinji. Kuyeza matewera pasikelo kumathandiza mwa ana ena, koma mwa mwana amene akutsegula m'mimba sungasiyanitse mkodzo ndi chimbudzi.

Popeza Hb inali pansi pa 6 ndipo anali ndi chikomokere ndi kupuma kozama, tinamuika magazi 20 ml pa kilogalamu, pafupifupi 200 ml, kwa maola 4. Lasix, mankhwala okodzetsa, sitinapereke. M'mawodi ambiri dzanja limangopita lokha ku Lasix magazi akamaikidwa, koma mwanayu anali wouma kale, komanso Lasix akakumana ndi gentamicin m'thupi amawonjezera ngozi ku makutu ndi ku impso. Madzi amene anataya tinkabwezera pang'onopang'ono ndi Thanzi kudzera m'chubu cha m'mphuno, osati kuthamangitsa diripi. Panado tinapitiriza pa 15 mg pa kilogalamu, ndiye kuti 150 mg maola 6 aliwonse, chifukwa amaphwanyidwa ndi chiwindi. Brufen tinaletsa, ndipo tinapempha agogo kuti mapiritsi otsala amene anamanga pansonga ya chitenje atipatse tiwasunge.

Artesunate: mwana wamng'ono amafuna wochulukirapo

Mlingo wachiwiri wa artesunate unali wa 3 koloko m'bandakucha. Kalata inati analandira 24 mg, ndiye kuti anawerengera 2.4 mg pa kilogalamu, mlingo umene ambiri a ife tinauloweza ndipo udakali pa mapepala akale opachikidwa m'makoma. Koma kuyambira 2015 malangizo a WHO amati mwana wosakwana makilogalamu 20 azilandira 3 mg pa kilogalamu, ndipo 2.4 ndi wa amene afika makilogalamu 20 kupita m'mwamba. Kwa mwanayu ndiye 3 kuchulukitsa 10.2, pafupifupi 31 mg. Botolo la 60 mg tikalisungunula ndi 1 ml ya bicarbonate n'kuwonjezera 5 ml ya saline timapeza 10 mg mu ml iliyonse, kotero anamwino anatunga 3.1 ml n'kupereka pamtsempha.

Wophunzira amene anali nafe usikuwo anafunsa funso loyenera: ngati tikukayikira impso, bwanji tikukweza mankhwala? Yankho lili pa njira imene artesunate amatulukira. Akangolowa m'magazi amasanduka dihydroartemisinin m'mphindi zochepa, ndipo ameneyu amaphwanyidwa ndi chiwindi mwachangu moti amatsika ndi theka ola lisanakwane. Impso zilibe gawo lalikulu pamenepo. Atayeza magazi a ana a ku Africa kuno amene ankalandira 2.4 mg pa kilogalamu, anapeza kuti ana ang'onoang'ono ankakhala ndi mankhwala ochepa m'magazi poyerekeza ndi ana aakulu ndi akuluakulu, ngakhale kuti onse anawerengeredwa chimodzimodzi pa kilogalamu. Ana omwe malungo amawapha kwambiri ndi omwe ankalandira mankhwala osakwanira. Choncho kwa artesunate sitichepetsa kanthu chifukwa cha impso.

Tikanakhala kuti tikupereka quinine, monga tinkachitira kafukufuku wa AQUAMAT wa mu 2010 asanasonyeze kuti artesunate amapulumutsa ana ambiri, nkhani ikanakhala ina. Mwana wa impso zofooka akapyola maola 48 ali pa quinine wa pamtsempha, mlingo umachepetsedwa ndi gawo limodzi mwa magawo atatu. Ndikutchula izi chifukwa artesunate akatha kufamase timabwererabe ku quinine.

Tsiku lachiwiri: gentamicin wa 3 koloko

M'maola 12 a usiku, katheta inatulutsa 35 ml yokha ya mkodzo woderako. Tikagawa ndi makilogalamu 10.2 ndi maola 12 timapeza 0.29 ml pa kilogalamu pa ola. Mwana wathanzi amatulutsa 1 ml kapena kuposa, ndipo akakhala pansi pa 0.5 kwa maola 6 timati impso zavulala. Apa n'kuti magazi atalowa kale, maso atayamba kubwerera, kotero sitikanatinso ndi kuuma kokha. Creatinine wa m'mawa anatuluka 168 µmol/L, potassium 5.4 mmol/L.

Pepala la ku labu limasokoneza anthu ambiri, chifukwa malire amene amasindikizidwa pambali pa zotsatira ndi a munthu wamkulu. Creatinine amachokera m'minofu, ndipo mwana wa zaka 2 ali ndi minofu yochepa, moti wake amayenera kukhala cha m'ma 20 kapena 30. Njira ya Schwartz ya mu 2009, yoyerekezera mmene impso za mwana zikusefera magazi, ndi yosavuta kuiwerengera pafoni: 36.5 kuchulukitsa kutalika m'masentimita, kugawa ndi creatinine. Mwanayu akanakhala ndi 30, tikanapeza 103, kusefa kwabwinobwino. Pa 168 tinapeza pafupifupi 18. Tayesaninso ndi 70, nambala imene papepala la ku labu imaoneka ngati ilibe vuto: zimatuluka 44, kutanthauza kuti impso zataya ntchito yoposa theka. Mwana wonyentchera ndiye amanamiza koposa, chifukwa minofu yake inatha. Ndiponso njira ya Schwartz imayenda bwino creatinine akakhala kuti wakhazikika. Akamakwerabe, monga zinalili apa, kusefa kwenikweni kumakhala kotsika kuposa nambala imene watulutsa. Ine 18 ameneyo ndinamuwerenga ngati malire a pamwamba.

Pa tchati, gentamicin wachiwiri anali atalembedwa kale kuti 75 mg, 3 koloko masana, ndipo namwino aliyense wosunga nthawi akanamupereka. Mlingo wa 7.5 mg pa kilogalamu kamodzi patsiku ndi wolondola kwa mwana wa msinkhu uwu. Koma mlingo umenewo unakonzedwa poganizira impso zimene zikusefa. Gentamicin saphwanyidwa ndi chiwindi konse. Amatuluka mumkodzo momwe analowera. Mwa mwana wa impso zabwino amatsika ndi theka maola awiri kapena atatu aliwonse, kotero pakatha maola 24 m'magazi mumakhala mulibe kanthu, ndipo impso ndi makutu zimapuma jakisoni wina asanabwere.

Tinawerengera limodzi ndi wophunzira uja kuseri kwa tchati. Mlingo wa 7.5 mg pa kilogalamu umafikitsa gentamicin cha m'ma 25 mg/L m'magazi atangobayidwa. Kusefa kukatsika kufika pa gawo limodzi mwa magawo asanu, nthawi yotsika ndi theka imatalikanso kasanu, tinene maola 10 kapena kuposa. Pakatha maola 24 ndiye kuti watsika ndi theka kawiri ndi pang'ono, ndipo m'magazi mwatsala cha m'ma 4 kapena 5 mg/L. Kumene amayeza gentamicin m'magazi, amafuna kuti akhale pansi pa 1 asanapereke wina. Ife makina amenewo tilibe, choncho kuwerengera kongoyerekezaku ndi sirinji ya mkodzo n'zimene zinatitsogolera. Kubaya wachiwiri pamwamba pa wotsalayo, mawa lake wachitatu, kukanaunjika mankhwala m'timachubu ta impso zimene zinali zitamenyedwa kale ndi malungo, kuuma ndi Brufen. Impso nthawi zambiri zimachira. Makutu ogonthetsedwa ndi gentamicin sachira, ndipo mwana wa zaka 2 amene wangoyamba kulumikiza mawu akagontha amatayanso chilankhulo.

Anzathu a kuchipatala chaching'ono sanalakwe kupereka mlingo woyamba wathunthu, ndipo ndikanakhala pamenepo ndikanachita chimodzimodzi. Kukwera kwa mankhwala m'magazi pa jakisoni woyamba kumadalira kukula kwa thupi ndi madzi amene mankhwalawo akusungunukamo, osati impso. Gentamicin amapha mabakiteriya bwino akakwera kwambiri kamodzi. Kuwononga kwake kumabwera akamakhalitsa m'magazi osatsika. N'chifukwa chake sindigwirizana ndi chizolowezi chimene ndimachiona cholemba theka la mlingo tsiku ndi tsiku impso zikakayikitsa. Theka silikwera mokwanira kupha tizilombo, koma limapitirizabe kudzaza thupi limene silikutulutsa. Ngati palibiretu mankhwala ena, mlingo ukhale womwewo koma nthawi italikitsidwe kufika maola 36 kapena 48, ndipo jakisoni asabayidwe mpaka mwana atayamba kukodza. Malangizo a WHO a ana onyentchera kwambiri amanenanso zomwezo, kuti gentamicin wachiwiri adikire mkodzo.

Tsiku limenelo ceftriaxone, mankhwala enanso opha mabakiteriya, analipo, ndiye tinadula mzere pa gentamicin n'kulemba chifukwa chake pambali, kuti wa shifiti ya usiku asaganize kuti taiwala. Benzylpenicillin tinamuimitsanso. Nayenso amatulukira ku impso, ndipo akaunjikana amatha kuyambitsa kukomoka, chimene mwa mwana wa malungo a m'bongo sukanadziwa kuti chachokera kuti. Ceftriaxone tinalemba 80 mg pa kilogalamu, ndiye 800 mg kamodzi patsiku. Ameneyu ali ndi njira ziwiri zotulukira, mkodzo ndi ndulu, ndipo impso zikafooka chiwindi chimanyamula gawo lokulirapo, kotero mlingo sunafunike kusintha. Tinakumbutsana kuti asadutse m'chingwe chimodzi ndi diripi ya Ringer's lactate, chifukwa calcium wa mmenemo amaundana naye.

Madzi tinawachepetsanso. Mwana amene wabwezeredwa madzi koma sakukodza ukamuthirabe diripi ya tsiku lonse, madziwo amathera m'mapapo. Tinamuwerengera pafupifupi 200 ml patsiku ya zotayika ndi thukuta ndi mpweya, kuwonjezapo zonse zimene watulutsa mumkodzo ndi m'chimbudzi. Mayi ake anali atagula nthochi panja pa geti, ndipo ndinawauza kuti, "Amayi, nthochizo idyani ndinu ndi agogo kaye. Zili ndi mchere wina wotchedwa potassium umene impso zake sizikutha kutulutsa panopa." Tinaimbira foni anzathu a ku Queens ku Blantyre, kumene kuli dayalisisi, n'kugwirizana kuti timutumiza potassium akapyola 6.5, madzi akafika m'mapapo, kapena mkodzo ukasiyiratu.

Mmene anayendera

Artesunate wachitatu analandira 3 koloko masana tsiku lachiwiri. Madzulo ake anayamba kutsata mayi ake ndi maso, ndipo m'mawa wa tsiku lachitatu anali pa 5 pa 5, akulira kufuna phala. Tinamupatsa artesunate wina tsiku limenelo chifukwa ankasanzabe, kenako tinayamba LA, piritsi limodzi kawiri patsiku kwa masiku atatu monga mwa sikelo yake. Lumefantrine, mankhwala amene ali mu LA, amatulukira ku chiwindi, ndiye impso sizinatidetse nkhawa, koma salowa bwino m'thupi popanda mafuta, kotero ankamwera mkaka.

Mutu unachira msanga kuposa impso. Tsiku lachitatu creatinine anakwera kufika 214, mkodzo uli pa 0.4 ml pa kilogalamu pa ola, potassium 5.7. Limeneli ndilo linali tsiku lovuta kufotokozera achibale, chifukwa iwo ankaona mwana atakhala tsonga ndipo agogo anayamba kufunsa zotuluka. Tsiku lachinayi mkodzo unafika 1.1 ndipo unayera, creatinine 190. Tsiku lachisanu unapyola 3 ml pa kilogalamu pa ola. Apa ngozi inatembenuka: impso zimene zikuchira zimataya madzi ndi mchere mosadziletsa, ndiye malire a madzi aja tinawachotsa, Thanzi anabwerera, nthochi nazonso zinaloledwa. Katheta tinachotsa tsiku lachisanu ndi chimodzi. Creatinine anali 74 tsiku la 7, ndipo ndinaumirira kuti adikire kaye, chifukwa 74 mwa mwana wa masentimita 85 ndi kusefa kwa 42 basi. Tsiku la 10 anali 41, Hb 8.9, chifuwa chili bwino, ndipo tinamutulutsa. Ceftriaxone analandira masiku 7.

Kilogalamu ya khanda si ya mwana woyenda

Sabata yomweyo ku nasale kunali mwana wa masiku 2 wobadwa masiku asanakwane, wa makilogalamu 1.6, nayenso ali pa gentamicin. Iye analembedwa 3 mg pa kilogalamu. Buku la WHO la chisamaliro cha ana m'chipatala la mu 2013 limapereka 3 mg kwa khanda lopepuka m'sabata yoyamba, 5 mg kwa lobadwa ndi sikelo yabwino, ndi 7.5 mg kuyambira sabata yachiwiri. Manambala amenewa akutsata kukula kwa impso. Timasefa ta m'impso timatha kupangika mimba ikafika masabata 34 mpaka 36. Ngakhale mwana wobadwa pa nthawi yake amasefa pang'ono kwambiri poyerekeza ndi munthu wamkulu. Kusefako kumawirikiza kawiri m'masabata awiri oyamba, n'kudzafika pa mlingo wa wamkulu ali ndi chaka chimodzi kapena ziwiri. Ampicillin amatsata njira yomweyo, 50 mg pa kilogalamu maola 12 aliwonse m'sabata yoyamba, maola 8 mpaka mwezi utakwana, maola 6 pambuyo pake. Creatinine wa khanda m'masiku oyamba ndi wa mayi ake, ndiye sathandiza. Timadalira tsiku lobadwa, sikelo ndi thewera lonyowa. Choncho mtsikana wathu wa ku Muloza, kwa masiku anayi aja, anali ndi thupi la zaka 2 koma kusefa kwa khanda.

Palinso vuto la m'manja. Kwa khanda la makilogalamu 1.6 mlingo ndi 4.8 mg, ndipo mu botolo la 80 mg mu 2 ml zimenezo ndi 0.12 ml, kadontho kamene palibe angakatunge molondola ndi sirinji ya 2 ml. Kulakwitsa ndi kamzere kamodzi kumawirikiza mlingo. Botololo liyambe lasakanizidwa ndi 6 ml ya madzi a jakisoni kuti likhale 10 mg mu ml iliyonse, kenako atunge pafupifupi 0.5 ml.

Chiwindi cha khanda nachonso n'chosakhwima, ndipo dziko linaphunzira zimenezi mopweteka mu 1959 pamene makanda opatsidwa chloramphenicol ankatuwa, kufooka n'kumwalira chifukwa chiwindi chawo sichinkatha kumuphwanya. Caffeine amene mwa munthu wamkulu amatsika ndi theka m'maola asanu, mwa khanda losakwana masiku amatenga masiku angapo, n'chifukwa chake amaperekedwa kamodzi patsiku. Ceftriaxone yemwe anatipulumutsa pa mtsikana uja, mwa khanda la chikasu timamupewa.

Mwana akapyola chaka zinthu zimatembenuka. Chiwindi ndi impso zake n'zazikulu poyerekeza ndi thupi lake, ndipo pa kilogalamu iliyonse amachotsa mankhwala ambiri mofulumira kuposa bambo ake. Zimene tinaona pa artesunate zinachitikanso pa mankhwala a TB. Kwa zaka zambiri ana ankapatsidwa mlingo wa akuluakulu pa kilogalamu, mpaka mu 2010 pamene WHO inakweza isoniazid wa ana kuchoka pa 5 kufika pa 10 mg pa kilogalamu, rifampicin kuchoka pa 10 kufika pa 15, ndi pyrazinamide kuchoka pa 25 kufika pa 35. Ndipo rifampicin yemweyo amafulumizitsa chiwindi, moti mwana wa ma ARV akayamba mankhwala a TB, dolutegravir wake amamwa kawiri patsiku m'malo mwa kamodzi, mpaka masabata awiri atatha rifampicin. M'boma ngati lathu, momwe ana a HIV ndi TB timakumana nawo kawirikawiri, ili ndi phunziro lomwelo la gentamicin, kungoti likulowera mbali inayo.

Zimene tinasintha ndi ulendo wobwereza

Pa msonkhano wa m'mawa tinagwirizana kuti pambali pa gentamicin aliyense wolembedwa m'wodi ya ana pazikhala kabokosi ka "wakodza?", ndipo namwino ali ndi ufulu woimitsa jakisoni n'kuitana kiliniko ngati gadiyani wanena kuti thewera lakhala louma kuyambira m'mawa. Ena anadandaula kuti wodi ikadzaza mu February, ana awiri kapena atatu pabedi limodzi, funso lina lililonse ndi katundu. N'zoona, koma ili ndi funso la mawu amodzi, ndipo amayi ndi agogo amaliyankha molondola kuposa momwe timaganizira. Tchati chakale cha artesunate tinachichotsa pakhoma, ndipo tinatumiza chatsopano kuzipatala zazing'ono zimene zimatitumizira odwala.

M'buku la kuchipatala la mwanayo, patsamba loyamba, tinalemba ndi zilembo zikuluzikulu kuti impso zinavulala, asapatsidwe Brufen kapena diclofenac, ndipo gentamicin aperekedwe pokhapokha atayeza creatinine. Agogo tinawauza kuti thupi likatentha apereke Panado yekha ndi madzi, n'kubwera naye tsiku lomwelo.

Anabwera naye patatha masabata awiri chimuyambireni artesunate, nthawi imene magazi amatha kuswekanso mwa ena amene analandira mankhwalawa. Hb inali 9.4, maso osachita chikasu, creatinine 33. Makina oyezera makutu tilibe, ndiye namwino anaima kumbuyo kwake n'kumunong'oneza dzina mbali iyi ndi inayo, ndipo anatembenuka konsekonse. Mayi ake anati kunyumba akuyankha akaitanidwa ali panja. Kuyeza kotereku sikungagwire kugontha kwa mawu opyapyala kumene gentamicin amayambira, choncho tinawauza kuti akaona kuti akuchedwa kulankhula abwere timutumize ku Blantyre. Tinawapatsa tsiku lina pakatha miyezi itatu, loti tidzayeze BP, mapuloteni mumkodzo ndi creatinine, popeza ana ena amene impso zawo zinavulala chotere amadzaonetsa vuto patapita nthawi ngakhale magazi anabwerera m'malo.